Mlendo pa Dzenje la Njerwa

Tinachoka kwa Chimwala mame asanaume,
Abiti Lajabu pa kaliyala,
dengu la kambuzi pamiyendo pawo,
ine ndikupalasa, tcheni chikudandaula mafuta.

Pa dzenje limene Che Mbwana anaumbapo njerwa chaka chatha,
limene mvula ya Febuluwale inalisandutsa thamanda,
ndinangopezeka ndafinya mabuleki.
Njinga inati kwii!
Kambuzi atatu anagwera pamchenga.

"Mwaona njoka?"
Ayi, mayi. Taonani uko.

Akakowa ndimawadziwa,
amalondola ng'ombe ngati zili nawo ngongole.
Nantchengwa ndimamudziwa ndi mutu wake wa hamala.
Chiswankhono nayenso, mlomo wosatsekeka ngati chitseko chofufuma.
Koma iyi!

Yoyera ngati mkanjo wa Lachisanu
wina ataulemba mizere ndi khala,
kachipewa kakuda kotsikira m'khosi,
miyendo yaitali, yotuwa ngati masipoko atsopano,
ndiye mlomo, abale, mlomo.
Mbalame zakwathu mlomo umaloza kumene kuli chakudya.
Wa iyi unapindikira kumwamba
ngati singano yosokera matumba a mpunga.

Sinkajompha ayi.
Inkasesa madzi, uku, uko, uku,
monga waganyu wotchetcha udzu
amene wauzidwa kuti malipiro ndi madzulo,
kenako n'kutukula phazi pang'onopang'ono,
dontho limodzi likulendewera kuchala.

Abiti Lajabu, amene amawerenga mphindi ngati ndalama,
anatsika okha.
Dengu anatula pansi.
"Zaka makumi asanu ndikutunga, kuchapa,
kuwoloka madambo ano chitenje ndakwinya.
Iyi sindinakumanepo nayo.
Ngakhale m'Chiyao dzina lake sindikulipeza."

Ndinatulutsa foni yanga ya galasi long'aluka.
Chimene chinatuluka ndi kadontho koyera m'matope,
ngati jumbo ya shuga yotayidwa.
Ndani angakhulupirire jumbo?

Kuseri kwa chulu kunatulukira Twaibu,
mdzukulu wa a Mbwana, legeni m'manja,
mwala wosalala uli kale pachikopa.
Ndinayasamula, mawu osabwera.
Abiti ndiwo ananena, osakweza n'komwe:
"Iwe, mlendo salonjeredwa ndi mwala.
Mkulu wako ku Joniko akumwa madzi a yani?"
Mphira unalefuka.
Mwala unalowa m'thumba la kabudula.

Mawuwo anali a mwana, koma analasa ine.
Nafe tili naye Ajibu wathu,
chaka chachinayi tsopano, foni mwa apo ndi apo.
Kaya waima pati m'mawa uno,
anthu akumuloza ndi milomo:
kodi ameneyu ngwakuti?

Tinaima atatu, duu.
Lole ya mchenga inadutsa ndi phokoso lake lonse,
iyo osacheuka.
Inanyamuka pamene inafunira yokha,
kulira kamodzi kokha, kowonda,
miyendo ikutsalira m'mbuyo ngati yaiwalika,
kulunjika ku Malombe
kapena kupitirira, kumene njinga yanga sinafikeko.

Pamsika wa pa boma tinapeza malo abwino atatengedwa.
Abiti anayala chiguduli pafupi ndi ngalande,
n'kundipatsa ndalama yanga yonse osanenerera,
koyamba chiyambireni kuwanyamula.

Anzanga pa siteji anaseka mpaka kugwira zishalo.
"Mlomo woloza kumwamba? Ndiye imamwa mvula?"
Ndinawaonetsa jumbo ija.
Kuseka kunachita kunyanya.

Mawa lake ndinachedwetsa njinga padzenjepo,
mkuja wakenso chimodzimodzi.
Achule okhaokha,
ndi mayi wina akukwecha mapoto ndi mchenga.

Loweruka ndinapeza Twaibu atanjuta m'mphepete,
legeni alibe,
akulemba ndi kamtengo pamatope:
miyendo iwiri, kachipewa.
Mlomo anaufufuta kawiri ndi chala,
dzanja likukana, likuukokera pansi monga linazolowera.
Kachitatu unakwera.
Anandiyang'ana.
Ndinati, onjezera pang'ono, unali wautali kuposa apo.